Lembani Wilu Madzi Asanabwere: Malangizo kwa Mabanja a ku Chiromo

M'masiku a Mfumukazi Victoria, Chiromo linali khomo la dziko lino. Sitima zapamadzi zochokera ku Chinde zinkakocheza pamene Ruo amathira mu Shire, katundu n'kulembedwa pa kasitomu asanakwere mtunda kupita ku Blantyre. Nsalu, mikanda ndi mchere zinkalowa, minyanga ya njovu ndi khofi zinkatuluka, ndipo zambiri mwa izi zinkadutsa m'manja mwa kampani ya African Lakes, ija tonse timaidziwa kuti Mandala. Mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo anali Alexander Low Bruce, katswiri wofulula mowa wa ku Edinburgh, amene anakwatira Agnes, mwana wa David Livingstone. Bruce sanapondepo dziko lino, komabe anapeza malo okwana maekala pafupifupi 170,000, ambiri mwa iwo ku Magomero. Atamwalira mu 1893, wilu yake inaika chuma chake cha ku Africa m'manja mwa bungwe lochiyang'anira, A. L. Bruce Trust, kuti chipindulire makamaka ana ake aamuna awiri.

Palibe chotamanda pa mmene malowo anapezekera. Thangata wa pa Magomero anazunza anthu athu kufikira moto wa John Chilembwe unabuka mu 1915. Koma taonani mphamvu ya pepala. Munthu wafera kutsidya kwa nyanja, chuma chili kuno, ndipo kwa zaka zoposa 50 chinatsata njira imene iye analemba. Pamene kwathu kuno bambo amamwalira atasiya ng'ombe m'khola, bwato padooko ndi chigayo pamsika, ndipo miyezi iwiri isanathe mkazi wake ali kwawo ndi kamtolo ka zovala, ana asiya sukulu. Pepala lomwe lija linagwirira ntchito mzungu lingathe kugwirira ntchito msodzi wa ku Makhanga, ndipo silifuna ndalama zambiri. Limafuna cholembera, mboni ziwiri ndi mtima wosaopa kukamba za imfa.

Ambirife timati kulemba wilu n'kudziitanira maliro. Sindinaonepo munthu atamwalira chifukwa cha cholembera. Amene ndawaona ndi ana amasiye akulira chifukwa bambo awo sanachigwire.

Zimene lamulo likunena kale

Tisanafike pa kalembedwe, dziwani kuti boma linaikapo kale mpanda. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye, lija aloya amalitchula mwachidule kuti Deceased Estates Act, m'malo mwa lakale la 1967. Lamuloli likuti munthu akamwalira wosalemba wilu, chuma chake n'cha mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, kuphatikizapo anthu amene ankadalira iye, monga makolo ake okalamba amene ankawasamala kapena mwana wamng'ono amene ankamulipirira sukulu. Achimwene, alongo ndi abale ena amalowa pokhapokha ngati anthu amenewa palibe. Katundu wa m'nyumba, mphasa, mabedi, ziwiya, mipando, amatsala ndi wamasiye. Mwana ndi mwana basi, kaya wamkazi kaya wamwamuna, kaya wobadwira m'banja kaya wa kunjira, ngakhale amene akadali m'mimba.

Kuno kuchigwa tili ndi miyambo iwiri yoyandikana, ndipo yonse imapereka chifukwa chake cholandira. Kwa Asena akuchimuna amati, "Tinalowola ife, ana ndi chuma n'zathu." Kwa Amang'anja abale a mkamwini amati, "Mbale wathu anavutikira kuchikamwini, thukuta lake libwerere kwawo." Lamulo silimva chimodzi mwa ziwirizi. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika pa chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka 10 kundende, komanso kubweza zimene unatenga. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 24, amatetezanso amayi kuti asalandidwe chuma, kuphatikizapo chimene alandira pa imfa.

Ndiye wina afunse kuti, ngati lamulo lilipo, wilu ndi yachiyani? Yankho n'lakuti lamulo silidziwa kuti ng'ombe zitatu munaziikiza kwa mnzanu ku Bangula. Silidziwa kuti bwato munagula pamodzi ndi mlamu wanu, kapena kuti mumafuna kuti mayi anu aang'ono, amene anakulerani, alandireko mbuzi. Komanso pa siwa sipakhala majisitireti. Pamakhala achibale okhala ndi mawu amphamvu ndi mayi wotupa maso amene mwambo sumulola kuyankha. Pepala lokhala ndi dzina lanu limayankha m'malo mwake.

Yambani ndi kuwerenga zimene muli nazo

Tengani kope la sukulu, khalani pansi ndi akunyumba kwanu, muwerenge chuma chanu chimodzichimodzi. Apa m'pamene ntchito yaikulu ili, ndipo musafulumire.

Ng'ombe musangolemba kuti "ng'ombe zanga zonse". Lembani iliyonse monga mmene mbusa amaidziwira: thadzi lakuda la banga loyera pamphumi, lodulidwa khutu lakumanzere, nkhunzi yofiira ya nyanga imodzi yopindika. Lembani kumene ili ndi amene akuisunga, ndi pangano limene munapangana naye pa ana amene idzabereke. Ng'ombe zoikiza ndi zimene zimasowa msanga mwini akamwalira, chifukwa wosunga uja amangoti zinafa ndi matenda kapena zinapita ndi madzi, ndipo palibe womutsutsa. Ngati n'kotheka, wosungayo asainire m'kope lanu kuti akusunga ng'ombe zakutizakuti. Mbuzi ndi nkhumba zimachuluka ndi kuchepa chaka ndi chaka, choncho pa izi ndi bwino kugawa ndi magawo, monga theka kwa mayi, theka kwa ana.

Chitani chimodzimodzi ndi bwato, maukonde, injini, njinga ya kabaza, njinga yamoto, ngolo, makina osokera, sola, pampu yothirira kudimba, okala ndi katundu wake. Chimene chili ndi nambala, lembani nambala yake. Chimene munagula pamodzi ndi munthu wina, nenani kuti gawo lanu ndi liti, pakuti wilu imagawa chanu chokha. Pachifukwa chomwecho siyanitsani bwinobwino zimene zili za akazi anu. Mbuzi zimene mayi anagula ndi ndalama za banki mkhonde si chuma cha masiye cha mwamuna wawo, koma zikakhala m'khola limodzi popanda cholembedwa, abale amaziwerengera pamodzi. Amayi nanunso lembani wilu yanu. Amuna amasiye nawo amalandidwa, makamaka amene ali pachikamwini.

Pali chuma china chosaoneka ndi maso. Ndalama za ku banki, za mu Airtel Money kapena TNM Mpamba, masheya a ku banki mkhonde, ndalama za thonje zimene simunalandire. Lembani dzina la banki ndi nambala ya foni, koma nambala yachinsinsi musailembe m'kope. Onetsetsani kuti simu khadi yanu inalembetsedwa m'dzina lanu, chifukwa ikakhala m'dzina la mphwanu, ndalama zimene zilimo zidzaoneka ngati zake. Inu amene mumagwira ntchito ku Illovo ku Nchalo, aphunzitsi, azaumoyo ndi ena olembedwa ntchito, pitani ku ofesi mukaone fomu imene munalembapo olandira penshoni yanu. Ndalama zimenezo nthawi zambiri zimatsata fomuyo. Ambiri anailemba ali anyamata, n'kuikapo mayi awo kapena achimwene awo, ndipo sanaisinthe atakwatira ndi kubereka ana asanu.

Ngongole musazibise, za mbali zonse ziwiri: amene muli nawo ngongole ndi amene ali ndi ngongole kwa inu. Ngongole ndi zolipira pa maliro zimayamba kuchotsedwa chuma chisanagawidwe, ndiye zikakhala zosalembedwa, pamaliro pamatuluka anthu onama kuti malemu anawakongola, pamene okongola enieni akhala chete. Dera lino likudziwa kumene mkangano wa malonda umafikitsa anthu. Mu 1884 wamalonda George Fenwick anawombera Chipatula, mfumu ya Amakololo ya kuno, atasemphana pa malonda a minyanga, ndipo naye anaphedwa ndi anthu a mfumuyo. Lero sitiwomberana, koma mabanja amadana mpaka kalekale chifukwa cha matumba khumi a mapira amene palibe anawalemba.

Kalembedwe kake

Aliyense amene wakwanitsa zaka 18 ndipo mutu wake ukuyenda bwino angathe kulemba wilu. Sikuti mpaka loya, ngakhale kuti amene ali ndi nyumba za lendi, malo a lizi kapena mitala yokhala ndi ana ambiri achita bwino kumufuna. Lembani m'chinenero chimene mumalankhula, Chichewa kapena Chisena, m'mawu osazungulira. Mungayambe motere:

"Ine uje, mwana wa uje, wa m'mudzi mwa uje, Mfumu Yaikulu Mlolo, boma la Nsanje, nambala ya chiphaso changa cha unzika yakuti, ndikulemba wilu iyi lero pa tsiku lakuti, ndili bwinobwino ndipo palibe wondikakamiza. Wilu ina iliyonse imene ndinalemba kale ndaifafaniza."

Kenako tchulani munthu aliyense ndi dzina lake lonse ndi chibale chake kwa inu, ndi chimene mukumupatsa. Musalembe kuti "ana anga agawane bwino", pakuti mawu oti bwino aliyense amawamva mokomera iye. Pomaliza ikani chiganizo chonena za zotsala: chilichonse chimene sindinachitchule pano chipite kwa uje. Chiganizo chimenechi chimagwira ng'ombe imene mudzagule chaka chamawa.

Sankhani woyendetsa wilu, munthu amene adzasonkhanitse chuma, kulipira ngongole ndi kupereka kwa aliyense chake. Angathe kukhala mkazi wanu kapena mwana wanu wamkulu, ndipo ine ndimalangiza kuti akhale awiri, wina wa kuchimuna wina wa kuchikazi, kuti mbali ina isaone ngati yatsekeredwa kunja. Afunseni kaye ngati akuvomera. Ngati ana ali aang'ono, tchulaninso amene adzawalere inu nonse mutapita, ndipo nenani poyera kuti ng'ombe zawo zigulitsidwe pa chifukwa cha sukulu ndi matenda basi.

Tsopano kusaina, pamene ambiri amalakwitsa. Pafunika mboni ziwiri, anthu akuluakulu a mutu wabwino, ndipo zikhalepo zonse pa nthawi imodzi. Inu musaine iwo akuona, iwonso asaine inu mukuona. Kusainitsa mmodzi lero kumsika ndi wina mawa kutchalitchi kungaphetse wilu yonse. Mboni zisakhale anthu amene mwawapatsa kanthu m'wiluyo, ngakhalenso akazi kapena amuna awo, chifukwa zikatero mphatso yawo ikhoza kuthetsedwa. Mphunzitsi, mkulu wa mpingo, shehe, mlangizi wa zaulimi, awa ndi mboni zabwino, ndipo sankhani ocheperapo msinkhu kwa inu. Sikofunika kuti awerenge zimene mwalemba. Iwo akuchitira umboni kuti mwasaina ndinu. Ngati simudziwa kulemba, wina akulembereni, akuwerengereni mokweza mboni zikumva, inu mudinde chala, ndipo papepalapo palembedwe kuti anakuwerengerani ndipo munavomera. Wokulemberaniyo asakhale wolandira nawo. Masamba akakhala angapo, sainani lililonse.

Chenjezo limodzi: wilu si chida cholangira mkazi kapena ana. Mukawasiya opanda chowathandiza, khothi lili ndi mphamvu yotengako pa chumacho n'kuwapatsa. Abale anu apatseni ndithu, ndipo ndikulimbikitsa kutero. M'bale amene watchulidwa, ngakhale pa mbuzi imodzi kapena njinga, kawirikawiri amasanduka mtetezi wa pepalalo. Tchulaninso ng'ombe kapena mbuzi yoti idzaphedwe pamaliro anu, kuti adzukulu asadzagwetse thadzi la mkaka limene ana akanadalira.

Munda, dimba ndi mitala

Malo a makolo ndi nkhani yovuta kuposa ng'ombe, chifukwa ali pansi pa mafumu ndi mbumba, ndipo simungawagawe ngati njinga. Komabe lembani minda imene mumalima, mmene munaipezera, ndi amene mwachita nawo malire kumbali zonse zinayi. Kudimba malire amafufutika chaka chilichonse madzi akaphwa. Mtengo umene unali chizindikiro umapita, mchenga umakwirira mzere. Ruo mwiniwake anasintha njira mu Januwale 2015 n'kudutsa m'midzi ndi m'minda ya anthu. Choncho itanani anyakwawa ndi oyandikana nawo, muyende m'malire ana anu akuona, mayina a amene analipo alembedwe. Kumene kalembera wa malo pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016 wafika, lembetsani, ndipo ganizirani zoikapo dzina la akazi anu pamodzi ndi lanu.

Dziwaninso ichi: wamasiye akakwatiwanso sataya chuma chimene analandira. Chosiyana ndi katundu amene ali pa malo a makolo, monga nyumba ya pamudzi, amene pamenepo amapita kwa ana a malemu. Kwa ana, osati kwa achimwene a malemu.

A mitala, lembani nyumba iliyonse payokha: khola ili ndi munda uwu n'za kwa mayi wamkulu ndi ana ake, izi n'za kwa mayi wamng'ono. Ana amene munabereka kwina atchuleni, ngakhale zikuchititseni manyazi lero. Akadzatulukira pamaliro lamulo lidzawawerengera ndithu, ndipo mkwiyo wake udzagwera anthu osalakwa.

Mwambo wa kupita kufa ndi wa chokolo nthawi zambiri umayenda pamodzi ndi chuma: mayi amauzidwa kuti akakana, achoke chimanjamanja. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa miyambo yovulaza ngati imeneyi, ndipo cholowa cha mayi sichidalira kuti wavomera mwambo uliwonse. Bambo amene amakonda banja lake alembe m'wilu kuti sakufuna kuti mkazi wake adzakakamizidwe zimenezi, ndipo awauzenso abale ake ndi pakamwa akadali moyo.

Kosunga pepala kudera la madzi

Malangizo a m'tauni amati sungani wilu m'sutikesi. Ku Chiromo sutikesi imayandama. Tinaona mu 2015, tinaonanso ndi namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, anthu akuthawira kumtunda usiku ndi zovala za m'thupi zokha, ziphaso ndi makadi a kuchipatala zitatsala m'matope. Khothi limafuna pepala lenileni limene munasaina, choncho limenelo lisagone m'nyumba ya m'dambo. Kalisungitseni ku ofesi ya DC, ku khothi lalikulu, kwa loya kapena ku banki, mu envulopu yomata, ndipo akupatseni kalata yosonyeza kuti alandira. Kunyumba sungani fotokope. Ipindeni, muikulunge m'pulasitiki, muilowetse m'botolo louma la kukamwa kwakukulu, mutseke zolimba, n'kulimangirira kudenga pamodzi ndi ziphaso za ana, pamalo poti dzanja lifikepo mumdima. Jambulaninso masamba onse pa foni n'kutumiza pa WhatsApp kwa woyendetsa wilu kapena kwa mwana amene ali ku Blantyre kapena ku Johannesburg. Chithunzi sichilowa m'malo mwa pepala lenileni, koma chimatseka pakamwa munthu wonena kuti wilu kunalibe.

Anthu awiri kapena atatu adziwe kumene pepalalo lili. Zam'kati mungathe kubisa, koma kukhalapo kwake musabise. Ndipo kumene mitima ikulola, itanani mwini mbumba, ankhoswe ndi ana akuluakulu, muwauze nokha zimene mwakonza. Amakwiya inu mulipo, n'kuzolowera inu mulipo.

Madzi akapita ndi ziweto, mukagula chigayo, mwana akabadwa, wolandira wina akamwalira, lembani wilu yatsopano. Musafufute kapena kulemba pamwamba pa yakale. Yambani pepala lina, tsiku latsopano, mboni ziwiri, yakale ija muing'ambe. Mukakwatira kapena kukwatiwa mutalemba kale, lembaninso, chifukwa ukwati watsopano ukhoza kuifafaniza yakaleyo. Banja likatha, chimodzimodzi.

Maliro akachitika

Kwa inu otsala, masiku oyamba ndi amene katundu amasowa. Pemphani anyakwawa kuti alengeze pamanda kuti palibe chotuluka pakhomo mpaka wilu itawerengedwa kapena boma litalamula. Tsiku lomwelo kapena lotsatira, anthu atatu, wa kuchimuna, wa kuchikazi ndi wa kwa mfumu, alembe katundu yense ndi kuwerenga ziweto m'khola, onse asaine. Makiyi a okala ndi a chigayo, foni ya malemu ndi makadi a ku banki zikhale ndi wamasiye kapena woyendetsa wilu.

Kenako pezani kalata ya imfa, kuchokera kuchipatala ngati anamwalirira kumeneko kapena kwa mfumu ngati anamwalirira kumudzi, mukalembetse ku ofesi ya kalembera wa dziko kuboma kuti mulandire chiphaso cha imfa. Banki, kampani ya foni ndi olemba ntchito sapereka ndalama popanda chiphasochi ndi kalata ya khothi yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho. Chuma chochepa chimathera kwa majisitireti ndi ku ofesi ya DC; chochuluka chimapita ku khothi lalikulu, ndipo ofesi ya Administrator General imayendetsa chuma chimene chilibe wochiyendetsa kapena chimene abale akukanganirana. Ulendo wa ku Nsanje kuchokera kutsidya lino ndi wodula. Chidukireni njira pa Mtayamoyo mu 1997, munthu amalipira bwato kuti afike ku Bangula, kenako galimoto. Ndiye nyamulani zonse ulendo umodzi: chiphaso chanu cha unzika ndi cha malemu, kalata ya mfumu, umboni wa ukwati kaya wa kutchalitchi kaya wa ankhoswe, ziphaso za kubadwa za ana kapena makadi awo a kusikelo, mndandanda wa katundu uja, ndi kalata yosonyeza kumene wilu inasungidwa.

Wina akayamba kutulutsa ng'ombe kapena kuzula malata, musalimbane naye ndi manja, ndiponso musadikire kuti mwambo wa kusudzula uthe. Lembani chimene watenga, tsiku lake ndi amene anaona, mukanene kupolisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa ija amati Victim Support Unit. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimirira osauka pa milandu, kapena ayambire ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma, imene imalowererapo msanga nkhani ikakhudza ana. Ng'ombe ikagulitsidwa n'kukwezedwa lole ya ku Blantyre, kuibweza kumavuta kwambiri, choncho dandaulo lipite sabata yomweyo, ndipo mfumu ndi a zanyama amene amapereka chilolezo choyendetsera ziweto adziwitsidwe kuti ng'ombe za pakhomopo zili pa mlandu.